Musanalowetse galimoto ya 4x4 m'madzi

Yambani mwadziwa malire a galimoto yanu. Toyota Hilux imawoloka madzi akuya mamilimita 700, Ford Ranger 800, Land Rover Defender yatsopano 900. Manambalawa ndi a madzi odekha, pa madzi othamanga musawadalire.

Choopsa kwambiri ndi madzi olowa m'njira ya mpweya wopita mu injini. Madzi sapanikizika, ndiye pisitoni ikawagunda, connecting rod (chitsulo chimene pisitoni imakankha) imapindika. Pa injini ya dizilo ngoziyi imakula chifukwa kompuresheni yake ndi yokwera, moti madzi ochepa chabe amaiwononga. Ya petulo kawirikawiri imazima mapulagi ndi makoyilo akanyowa. Snorkel (paipi yokokera mpweya wa injini kuchokera m'mwamba) imathandiza ndithu, koma siteteza diff (bokosi la magiya logawira mphamvu kumateyala). Diff yotentha ikazizira mwadzidzidzi imayamwa madzi kudzera pa breather (kabowo kake kopumira), oyilo n'kuyera ngati mkaka. Ndiye musanalowe m'madzi, imani kaye kuti diff izizire.

Lowani ndi low range (magiya amphamvu oyendera pang'onopang'ono), giya yachiwiri, liwiro limodzi, osaponda kilatchi pakati pamadzi. Injini ikazima mmenemo, musailize ayi. Ikokereni kumtunda, muone fyuluta ya mpweya; ngati yanyowa, chotsani mapulagi kapena ma glow plug (mapulagi otenthetsa a injini ya dizilo) kuti madzi atuluke. Mukawoloka, pondani mabuleki pang'onopang'ono mukuyenda mpaka aume.