Mwachitidwa opaleshoni ya stoma? Umu ndi mmene mungayambirenso kuseka

Choyamba tingogwirizana kuti stoma, kabowo kamene madokotala amaboola pamimba kuti chimbudzi kapena mkodzo zizitulukira m'thumba lomata pakhungu, ilibe ulemu. Kaya yanu ndi colostomy ya matumbo aakulu kaya ileostomy ya matumbo aang'ono, pamimbapo palibe kamnofu kotseka ngati kakumbuyo kaja, ndiye mpweya ukafuna kutuluka umangotuluka basi, ndipo umakonda nthawi yoti aliyense ali zii. Kuuletsa simungathe. Mutha kungopsinjako dzanja pathumba kuti phokoso lichepe, kwinako ndi kukonzeratu choti munene.

Ndiye yambani ndi kuipatsa dzina. Anthu ambiri okhala ndi stoma amatero ndipo si zachibwana ayi. Mukaitchula kuti Abwana, ikalira pagulu mumangoti "pepani, Abwana ali ndi mfundo", anthu aseka kamodzi nkhani yatha. Dzinalo limathandizanso pakhomo, kuuza akunyumba kuti "Abwana lero avuta" ndi kophweka kusiyana ndi kufotokoza zachimbudzi mwatsatanetsatane.

Koma pali lamulo limodzi ndipo achibale alimve bwino: nthabwala ndi ya mwini thumba. Ayambe yekha. Tsiku lina aseka za thumba lofufuma ngati baluni pakati pa usiku, mawa lake zomwezo zimuliza, ndiye inu apambali musathamange, onani kaye nkhope. Nanunso eni ake ngati nthabwala ya wina yakubayani nenani pomwepo, musamaseke mokakamiza kuti ena amasuke.

China, masabata oyamba kuseka kumapweteka zenizeni. Gwirizani pilo kapena manja pamimba mukamaseka, kutsokomola kaya kuyetsemula chifukwa minofu ya pamenepo idakali yofooka, ndipo zonyamula zolemera dikirani dokotala akuuzeni.

Tsopano za anzanu. Achibale amakukondani shuwa, koma sadziwa mmene zimakhalira kudzuka 2 koloko usiku n'kupeza thumba latayikira pabedi. Amene amadziwa ndi mnzanu wathumba. Funsani nesi amene amakuonani ngati pali gulu kapena munthu mmodzi amene angavomere kucheza nanu, mukasowa sakani pa Facebook mawu oti ostomy, magulu alipo ambirimbiri ndipo ena ndi otseka, zolemba zanu amaona ndi mamembala okha. Kulinso bungwe la International Ostomy Association lomwe linayambitsa World Ostomy Day, tsiku la anthu okhala ndi stoma padziko lonse, mu 1993, tsikuli limachitika zaka zitatu zilizonse Loweruka loyamba la Okutobala.

Mukalowa pagulu palibe chokakamiza kulemba, werengani kaye. Kenako pezani wa mtundu wanu, chifukwa wa urostomy nkhani yake ndi mkodzo, wa ileostomy amalimbana ndi zamadzimadzi komanso kutha madzi m'thupi, mavuto ake safanana kwenikweni. Ndipo funsani zomwe mumachita nazo manyazi kwa dokotala zija, za fungo, zovala, za kuchipinda ndi okondedwa anu, safunsa anadya phula. Kumeneko ndi komwe mumve timapulani ting'onoting'ono: kukhuthula thumba lisanadutse theka, kuyenda ndi kachikwama kokhala ndi thumba lina, zopukutira, pulasitiki ndi chovala chosinthira, komanso kumayeza stoma pafupipafupi poti imaphwa m'masabata 6 mpaka 8 oyamba, bowo la thumba likakula kuposa stoma khungu limapsa.

Ine ndimaona kuti magulu ena amatopetsa, kumangokhala madandaulo okhaokha mpaka munthu kugona ndi mantha. Oterowo tulukanimo, simunalakwire aliyense.

Gulu si chipatala, apa pokha tisaseke. Stoma yabwino imakhala yofiira ndi yonyowa, ikayamba kuda, kapena palibe chikutuluka koma m'mimba mukupotokola ndipo mukusanza, thamangani kuchipatala osati kuponya chithunzi pa WhatsApp. Chimodzimodzi ngati padutsa masabata awiri mukungodzitsekera, tulo osabwera, chilichonse osakoma, uzani dokotala kapena nesi chifukwa zimenezo nthabwala sizichiza.

Pakapita miyezi mudzangoona wina watsopano akukufunsani inuyo. Musamulandire ndi nthabwala, mumvetsereni kaye adandaule mpaka atope, akafunsa kuti "nanga inu zinakutayikiraniko pagulu?" apo ndiye mutulutse nkhani yanu yochititsa manyazi kwambiri ija, osabisa kanthu.