Mmene mungapemphere khoti kuti mwana azikhala nanu

Banja likatha, ambiri amaganiza kuti mwambo wa chikamwini kapena wa lobola ndiwo umagamula komwe mwana apite, koma malamulo a Malawi amaika patsogolo ubwino wa mwanayo. Yambani mwakambirana pamaso pa ankhoswe. Mukalephera kumvana, kadandauleni kukhoti la majisitireti motsatira lamulo losamalira ndi kuteteza ana la Child Care, Protection and Justice Act la 2010, mutanyamula chiphaso cha kubadwa kwa mwana, buku lake la kusikelo ndi malisiti a kusukulu, chifukwa zimenezi zingathandize kusonyeza amene wakhala akumusamalira. Kholo lomwe silikhala ndi mwana liyenerabe kupereka chithandizo, ndipo lingapemphe khoti kuti lizimuona. Ngati mulibe ndalama zolipira loya, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osowa ndalama.