Wi-Fi yadzaza koma intaneti palibe, chonde musafomate kompyuta

Nyengo ino anthu ambiri apeza malaputopu, ena agula okha ena atumiziridwa ndi ana awo, ndipo dandaulo limene likundipeza kawirikawiri ndi limodzi lomweli: kompyuta yawonongeka, netiweki yadzaza timizere tonse koma palibe chikutseguka. Ndikafunsa kuti ndiye mwatani, yankho lake ndi loti tapita nayo kwa okonza aifomate, kutanthauza kupukuta zonse zili mu kompyutamo nkuyika Windows yatsopano. Abale anga, kompyutayo ilibe mlandu. Vuto ndi loti mukutenga Wi-Fi ndi intaneti ngati chinthu chimodzi, zonse mukungoti netiweki, pamene ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Wi-Fi ndi kulumikizana kwa laputopu yanu ndi rauta, kabokosi kamene kamagawa intaneti m'nyumba, basi. Imayenda pa mafunde a wailesi, kawirikawiri a 2.4 GHz kapena 5 GHz, ndipo sipita patali, makoma awiri okhuthala mphamvu yatsika kale makamaka ya 5 GHz ija. Timizere mumationa pakona ya sikirini tija timangokuuzani kuti rauta ikumveka bwino pamene mwakhalapo, za kuseri kwa rautayo sitidziwa kanthu. Intaneti imachokera ku kampani imene mumailipira, amati ISP, ndipo imalowa mu rauta kudzera pa waya, pa fiber kapena pa simukhadi. Zili ngati mpope, paipi ikhoza kukhala yabwinobwino yosadontha paliponse koma ngati ku thanki madzi atha mutsegula mpaka dzanja lipweteke. Rauta yopanda bandulo imaulutsabe Wi-Fi yamphamvu tsiku lonse, ndipo Windows imachita kukulemberani kuti No internet, nthawi zambiri kachizindikiro ka timizere kaja nkusanduka kampira ka dziko, koma ayi ndithu anthu sawerenga.

Ndiye taonani zimene zikutayika. Ndalama ya wokonza yapita. Mapulogalamu onse muyambirenso kuyika, ndipo kuti muwadawunilode pafunika intaneti yomweyo imene mulibe. Ena mpaka agula rauta yachiwiri, ena kachipangizo ka Wi-Fi kolowetsa pa USB, kufika nako kunyumba vuto lili pomwepo. Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi mafayilo.

Bambo wina, mlimi wakhama kwabasi amenenso ndi mlembi wa gulu lawo, ankasunga zonse mu Excel, mayina a mamembala, amene anabweza ngongole ndi amene sanabweze, makilogalamu amene aliyense anagulitsa nyengo zingapo zapitazi. Tsiku lotumiza lipoti imelo ikukana kupita. MiFi yawo, karauta kakang'ono ka simukhadi, nyale zikuyaka, laputopu ikuti yalumikizidwa. Ananyamuka ulendo kwa mnyamata wina wokonza, mnyamatayo osafunsa nkomwe anangoti muli vairasi umu, nkupukuta disiki yonse kuyika Windows yatsopano. Atabwera kwa ine ndinawafunsa kuti bambo, munaonako ngati bandulo ilimo mu MiFi-mu? Iwo amvekere, achimwene nyale zimayakatu zonse. Titayang'ana, bandulo inali itatha kale masiku ake. Anagula ina, imelo nkutseguka pompo, koma choti atumize panalibe, zonse zinapita ndipo analibe kope pa fulashi kapena pa Google Drive. Pano akuyenda khomo ndi khomo kufunsa anthu kuti munabweza zingati, ndipo mukudziwa mmene anthu amakumbukirira ngongole.

Chizolowezi choti kanthu kakangovuta ifomateni chinanditopetsa. Chinayamba kale nthawi imene makompyuta ankadzaza mavairasi a pa fulashi, mwina nthawi imeneyo chinkathandizako, koma lero munthu ukupukuta ntchito ya zaka chifukwa tsamba la Facebook silikutseguka? Okonza enanso amadziwa bwino kuti vuto si limenelo, kungoti kufomata kumalipiritsa pamene kuuza munthu kuti kagule bandulo sikubweretsa kanthu m'thumba.

Chochita ndi chachidule. Lumikizani foni pa Wi-Fi yomweyo, mutazimitsa deta ya foniyo, ikakananso ndiye kuti laputopu ilibe vuto, onani balansi ndi tsiku lothera bandulo kenako zimitsani rauta muyatsenso. Kapena yatsani deta ndi hotspot pa foni, kuti foniyo igawe intaneti yake, mulumikize laputopu, ikatsegula masamba nkhani yatha. Ofuna kutsimikiza tsegulani cmd, kawindo kakuda kolembamo malamulo pa Windows, lembani ipconfig. Mukaona IP address, nambala ya laputopu yanu pa netiweki, yoyamba ndi 192.168 ndiye kuti rauta yakupatsani nambala, mukugwirizana. Ikayamba ndi 169.254 rauta sinakupatseni, vuto lili pakati pa inu ndi iyo. Kenako lembani ping 8.8.8.8, imeneyo ndi seva ya Google, ikapanda kuyankha intaneti siikufika. Ikayankha koma masamba akukanabe ndiye ndi DNS, imene imasandutsa dzina la tsamba kukhala nambala, isintheni muyike 8.8.8.8 yomweyo. Ndipo musanapereke laputopu kwa aliyense kopani kaye mafayilo pa fulashi.