Momwe mungasankhire nsapato za matayala zolimbitsira thupi kuno ku Dedza

Nsapato za matayala ondondozana pamzere umodzi, zimene amalonda amazitchula kuti inline skates, zimapezeka mwa apo ndi apo m'mabelo a kaunjika komanso kwa anthu ogulitsa katundu pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ndi chida chabwino cholimbitsira thupi chifukwa zimagwiritsa ntchito ntchafu, chiuno ndi mtima popanda kugwedeza mawondo monga mmene kuthamanga kumachitira, ndipo zingamuthandize munthu wamkulu kukwanitsa mphindi 150 pa mlungu zimene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa. Nsapatozi zinatchuka kuyambira m'zaka za m'ma 1980, pamene anyamata awiri apachibale, Scott ndi Brennan Olson a ku Minnesota m'dziko la America, anayambitsa kampani imene inadzatchedwa Rollerblade, ndipo zambiri zimapangidwa poganizira misewu yosalala ndi yosesedwa ya m'mayiko ngati limenelo. Munthu wa ku Dedza ayenera kusankha poganizira nthaka ya ku Dedza, osati chithunzi cha pa katoni.

Choyamba, dziwani kumene mukayendere

Musanafunse mtengo, pezani malo. Tauni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, m'munsi mwa phiri lotalika mamita 2,198, ndipo misewu yambiri ya tala imene tili nayo ili ndi chitunda kapena mtsetse. Mtsetse umene woyenda pansi sauona n'komwe umathamangitsa munthu wovala matayala mofulumira kuposa mmene iye angaganizire. Msewu wa M1 si wophunzirirapo: mumadutsa malole ochokera kuchipata cha Mozambique, maminibasi ndi akabaza, ndipo m'mbali mwake mumadzaza mchenga ndi timiyala. Za msewu wokhotakhota wotsikira ku Golomoti musaziganizire n'komwe.

Malo oyenera kuyambirapo ndi bwalo la simenti la ntchemberembaye kapena la basiketibo pasukulu kapena patchalitchi, mutapempha chilolezo kwa aphunzitsi aakulu kapena akuluampingo. Pitani mukalione ndi maso, mupondepo, muone ngati simenti ili yosalala, yokakala kapena yong'ambika, chifukwa zimenezo ndizo zidzakuuzeni mtundu wa matayala oti mugule. Ngati kumene mukukhala kuli msewu wa fumbi wokhawokha ndipo kulibe bwalo la simenti lapafupi, ndalamazo ndi bwino mugulire njinga.

Chachiwiri, sankhani mtundu wa nsapato

Pali nsapato za mpikisano wa liwiro, zimene zimalekera m'munsi mwa akakolo, za masewero odumpha pa zitsulo, zimene zili ndi timatayala ting'onoting'ono, ndi za hockey, masewero omenya kampira ndi ndodo. Zonsezi zisiyeni. Zimene mukufuna ndi zolembedwa kuti fitness kapena recreational, zokhala ndi khosi lalitali lolimba limene limagwira akakolo.

M'gulu limeneli muli mitundu iwiri. Ina ndi yofewa, yosokedwa ndi nsalu ngati nsapato yothamangira koma yokhala ndi chigoba cha pulasitiki kuchidendene ndi m'khosi. Imapepuka, imalowa mpweya, ndipo kampani ya K2 imadziwika kwambiri ndi mtundu umenewu. Ina ndi yolimba, ya chigoba cha pulasitiki thupi lonse, yokhala ndi siponji yam'kati imene imazulidwa n'kuchapidwa. Ine ndimaona kuti yolimbayi ndiyo yoyenera kuno, chifukwa imapirira kugwa pa simenti yokakala, siimwa fumbi, ndipo imagwira bwino phazi la munthu wolemera thupi. Kutentha kwake m'kati, kumene anthu a ku Chikwawa angadandaule nako, si nkhani yaikulu kwa ife amene timavala majuzi mu Juni ndi Julayi.

Yang'ananinso chizindikiro cha EN 13843, chimene chimalembedwa pa nsapato zambiri zochokera ku Ulaya. Zolembedwa Class A zinapangidwira anthu olemera makilogalamu 20 mpaka 100, pamene za Class B zimalekera pa makilogalamu 60.

Chachitatu, yezani phazi ndi rula

Apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Tinazolowera kugula nsapato yokulirapo pang'ono kuti tizipumiramo kapena kuti mwana akuliremo, koma nsapato ya matayala ikakhala yokhwepa, chidendene chimakwera n'kutsika, matuza amatuluka, akakolo amapendekera m'kati, ndipo munthu amaganiza kuti masewerowa amukanika pamene vuto lili pa saizi.

Yezani madzulo, pamene mapazi atupako ndi ntchito ya tsikulo. Ikani pepala pansi mogundiza khoma, valani sokosi yopyapyala imene muzidzavala posewera, imirirani chidendene chitagunda khoma, ndipo munthu wina alembe mzere pamene pathera chala chachitali koposa. Chitani chimodzimodzi ndi phazi linalo chifukwa mapazi awiri salingana ndendende, ndipo mutenge muyezo wa phazi lalikulu, m'masentimita. Nambala imeneyi ndiyo yodalirika, ndipo makampani ambiri amailemba pa lilime la nsapato pambali pa mawu akuti CM, MP kapena Mondo. Saizi 42 ya kampani ina ikhoza kukhala yothina kuposa 42 ya kampani inzake, koma masentimita 27 ndi 27 basi.

Ngati nsapatoyo muli nayo m'manja, ivaleni, mumenyetse chidendene pansi kuti chikhazikike kumbuyo, kenaka mumange zingwe, lamba wodutsa pamwamba pa phazi ndi chotsekera cha m'khosi. Mukaimirira mowongoka, zala ziyenera kukhudza pang'ono kutsogolo kwa nsapato popanda kupindika. Mukapinda mawondo mpaka afike pamwamba pa zala, amene ndi maimidwe enieni a masewerowa, zala zibwerere m'mbuyo pang'ono ndipo chidendene chisanyamuke. Khalani nazo kuphazi kwa mphindi khumi kapena kuposerapo, ngakhale wogulitsa akuyang'aneni ndi diso lotopa. Kuthina kofanana phazi lonse n'kwabwino popeza siponji yatsopano imaphwa pakapita masabata angapo, koma dzanzi m'zala kapena kupweteka pa fupa la kakolo sikudzatha. Kwa ana kuli nsapato zokhala ndi batani lotalikitsira zimene zimakula masaizi atatu kapena anayi, ndipo imeneyo ndiyo njira yokhayo yabwino yogulira mwana nsapato yoti akuliremo.

Chachinayi, werengani manambala a pa tayala

M'mbali mwa tayala lililonse labwino mumalembedwa manambala awiri, mwachitsanzo 80mm ndi 82A. Yoyambayo ndi kukula kwa tayala. Matayala a mamilimita 76 mpaka 80 amamuika munthu pafupi ndi nthaka, sachedwa kuima ndipo savuta kukhotetsa. A 84 ndi 90 amathamanga kwambiri ndipo amadutsa bwino pa tala wokakala. A 100, 110 ndi 125, amene kawirikawiri amakhala atatu pa nsapato m'malo mwa anayi, amameza ming'alu ndi timiyala mosavuta, ndipo wina akhoza kunena kuti amenewo ndiwo oyenera misewu yathu. Zoona zake n'zakuti amamukweza munthu m'mwamba, amatopetsa akakolo osazolowera, ndipo pamtsetse amatenga liwiro limene wophunzira sangalilamulire. Woyamba kumene asankhe matayala anayi a mamilimita 80, kapena 84 ngati ali ndi phazi lalikulu, ndipo aakuluwo adzawaganizire atadziwa kuima.

Nambala yachiwiri, yothera ndi A, ndi kulimba kwa tayala. Ikakhala yotsika, monga 78A, tayala limakhala lofewa, limagwira pansi bwino ndipo limachepetsa kunjenjemera kwa mapazi, koma simenti yokakala imalidya msanga. Ikakhala yokwera, monga 85A, limakhalitsa ndi kuthamanga, koma mumamva kamwala kalikonse. Popeza matayala osinthira ndi ovuta kuwapeza kuno, pakati pa 82A ndi 85A ndi pamene pali nzeru.

Tayala lenileni limapangidwa ndi polyurethane, ndipo mukalikanda ndi chikhadabo limamveka ngati labala wolimba. Tayala la pulasitiki youma, lonyezimira, lolira kuti kwee pa simenti ndiponso lopanda nambala iliyonse ndi la chidole cha ana. Limaterereka pokhota, ndipo nsapato yokhala ndi matayala otere musaigule ngakhale itatsika mtengo chotani.

Chachisanu, mabering'i ndi felemu

Tayala lililonse lili ndi mabering'i awiri a saizi 608, choncho nsapato ziwiri za matayala anayianayi zimatenga mabering'i 16. Ogulitsa amakonda kunyadira manambala a ABEC 7 kapena ABEC 9, koma manambalawa amangonena za kulondola kwa kapangidwe ka bering'i m'fakitale, ndipo wolimbitsa thupi sangaone kusiyana pakati pa 5 ndi 9. Chimene chimapha bering'i kuno ndi fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala ndi chinyezi cha nkhungu ndi mvula, kotero mabering'i otsekedwa ndi labala m'mbali, olembedwa 608-2RS, ndi abwino kuposa a nambala yapamwamba koma otseguka. Mwayi wake ndi wakuti saizi 608 imagwiritsidwanso ntchito m'makina ena ang'onoang'ono, choncho ikhoza kupezeka m'masitolo ogulitsa mabering'i.

Felemu yogwira matayala ikakhala ya aluminiyamu imalimba ndipo siipindika munthu akamakankha mwamphamvu. Ya pulasitiki yochindikala imakwanira kwa mwana kapena munthu wopepuka. Pa felemu zambiri pamalembedwa saizi yaikulu ya tayala imene ingalowe, ndipo nambalayo muilembe penapake.

Chachisanu ndi chimodzi, buleki

Buleki ndi kachidutswa ka labala kolimba kokhala kumbuyo kwa nsapato imodzi, kawirikawiri yakumanja. Munthu amatsogoza phazi limenelo, n'kudzutsa zala, n'kukhalira pang'ono pa mwendo wam'mbuyo kuti labalayo akhule pansi. Nsapato zina zolimba zimagulitsidwa zopanda buleki chifukwa akatswiri amaima m'njira zina, ndipo zambiri za m'kaunjika zimabwera buleki itazulidwa kapena itadyeka mpaka pa bawuti. Ku Dedza, wophunzira asagule nsapato yopanda buleki, ndipo asakhulupirire mawu akuti akaipeza kutsogolo, chifukwa mabuleki a makampani osiyana salowana.

Ngati mukugula za kaunjika

Nsapato ya Rollerblade, K2, Powerslide, Roces kapena Fila yogwiritsidwapo kale ntchito ikhoza kuposa yatsopano yopanda dzina, koma iyenera kufufuzidwa masana poyera. Pulasitiki ikakalamba imauma n'kumathetheka, ndipo nsapato imene yakhala zaka zambiri m'nyumba yosungira katundu ikhoza kuoneka yatsopano koma n'kusweka tsiku loyamba. Finyani chigobacho ndi manja awiri, pindani khosi lake kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo muyang'ane timizere toyera kapena ting'alu pafupi ndi mabawuti a pa akakolo ndi pamene felemu yalumikizana ndi nsapato. Pakapezeka mng'alu, ibwezeni. Wosoka nsapato angakonze lamba woduka kapena siponji yong'ambika, koma palibe guluu amene angagwire chigoba chonyamula thupi la munthu.

Tsekulani ndi kutseka chotsekera cha m'khosi kangapo, muone ngati mano a lamba wake sanaphwanyike. Kenaka tembenuzani nsapatoyo, muzunguze tayala lililonse ndi chala n'kuliika pafupi ndi khutu: lozungulira mwakachetechete lili bwino, lokhwekhwereza lili ndi mchenga ndipo likhoza kutsukidwa ndi palafini n'kudonthezedwa oyilo wa makina osokera, koma lokana kuzungulira lachita dzimbiri. Liyang'aneninso kuchokera kutsogolo. Tayala labwino limakhala lobulungira mbali zonse, pamene lotha limadyeka mbali yam'kati mpaka kusongoka ngati kukamwa kwa nkhwangwa. Ngati onse asanu ndi atatu afika pamenepo, werengerani mtengo wa matayala atsopano musanagwirizane ndi wogulitsa. Pitani ndi kiyi wa Allen (kachitsulo kopindika ka ngodya zisanu ndi imodzi) wa mamilimita 4, amene amamasula mabawuti a matayala a nsapato zambiri, kuti muyese ngati mitu yake siinalale, chifukwa matayala amafunika kuwatembenuza ndi kuwasinthanitsa malo nthawi ndi nthawi kuti azidyeka mofanana.

Zodzitetezera muziwerengere pamtengo womwewo

Munthu akamagwa amatsogoza manja, n'chifukwa chake polumikizira dzanja ndi mkono ndi pamene pamathyoka kawirikawiri m'masewerowa. Zotetezera manja zokhala ndi kapulasitiki kolimba pachikhatho ndi helemeti ndi zoyamba kugula, kenaka za m'mawondo ndi za m'zigongono. Helemeti ya njinga yakapalasa yolembedwa EN 1078 ndi yoyenera, pamene ya njinga yamoto ndi yolemera ndipo imatchinga maso m'mbali. Helemeti yokhayo muyesetse kugula yatsopano, popeza imene inamenyedwapo kale imatha kukhala yosweka m'kati osaoneka kunja. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, shuga kapena msana ayambe alankhula ndi dokotala asanagule chilichonse.

Ngati mukutuma m'bale amene ali ku Johannesburg, kumene kuli masitolo monga Decathlon amene amagulitsa nsapato za Oxelo, musangomuuza saizi ya nsapato yanu ya kutchalitchi. Mutumizireni kutalika kwa phazi m'masentimita, kulemera kwa thupi lanu, ndi manambala a matayala amene mwasankha, ndipo mumupemphe kuti akutumizireni chithunzi cha lilime la nsapato ndi cha buleki asanalipire. M'katoni momwemo aikemo buleki yosinthira ya mtundu womwewo, ndipo ngati ndalama zilipo, awonjezeremo matayala ena anayi, chifukwa zinthu ziwirizi ndizo zimayamba kutha pa simenti yathu.