Kuwedza ndi mwana wamng'ono pa mlatho wa m'nyanja yamchere

Makolo ambiri akamapita ndi mwana kokawedza koyamba pa mlatho wolowa m'nyanja yamchere, amanyamula ndodo ziwiri, ina yawo ina ya mwana. Ine ndimawauza kuti tsiku loyambali ndodo ikhale imodzi, ya mwanayo. Inu ntchito yanu ndi kumanga mbedza, kukoleka nyambo ndi kuyang'anira mwana. Mwana wa zaka zinayi kapena zisanu sachedwa kukwera pa zitsulo zotchinga m'mbali, ndipo pansi pa mlathowo madzi ndi akuya komanso amakoka. Muvekeni jekete yoyandamitsa ya msinkhu wake, yokhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo kuti isavuke akagwera m'madzi. Avalenso nsapato zotseka, poti pa matabwa pamakhala mbedza zotayidwa ndi mamba oterera. Chipewa ndi magalasi musaiwale. Magalasiwo amateteza maso ku dzuwa komanso ku mbedza za anthu oponya pafupi nanu.

Musananyamuke kunyumba, dziwani nthawi ya madzi. Madzi a m'nyanja yamchere amakwera ndi kuphwera, makamaka chifukwa cha kukoka kwa mwezi. M'magombe ambiri izi zimachitika kawiri pa tsiku: maola pafupifupi 6 akukwera, ena 6 akuphwera, ndipo tsiku lililonse nthawiyo imachedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50. Choncho ola limene nsomba zinkadya dzulo silingakhale lomwelo sabata yamawa. Nsomba zimadya kwambiri madzi akamayenda, chifukwa ndi pamene tizakudya tawo timatengeka. Madzi akaima, nazonso zimazizira. Onani ndandanda ya nthawi za madzi pa intaneti kapena pa mlatho pomwepo, ndipo mufike kutatsala ola limodzi kapena awiri kuti madzi adzaze. Mwana alibe mtima wodikira, ndiye musamutengere kumeneko pa nthawi yoti palibe chogwedeza chingwe.

Tsopano nkhani imene ndimailimbikira kwambiri: palibe chifukwa choponyera kutali. Nsomba zimene mwana akufuna zili pansi pa mapazi ake. Mizati ya mlatho imamera ndere, nkhono zimamatirira pamenepo, tinkhanu timabisala m'ming'alu, ndipo tinsomba timasonkhana kudzadya ndi kufuna mthunzi. Ndinaonapo bambo wina akuponya mwamphamvu, chingwe n'kukodwa ndi cha munthu wina, n'kutha nthawi yaitali akumasula mfundo, mwana atakhala pansi akulira. Pafupi pomwepo ana ena ankangotsitsa chingwe m'mbali mwa mzati n'kumavuula tinsomba motsatizana.

Zida zikhale zopepuka. Ndodo yaifupi, ya mita imodzi ndi theka kapena kucheperapo, imakwanira m'manja mwa mwana. Kumapeto kwa chingwe mangani kamtovu kongokwanira kuti madzi asachikokolole, ndipo pamwamba pake pang'ono mangani mbedza imodzi yaing'ono, ya nambala 6 kapena 8. Pa mbedza zazing'onozi, nambala ikamakula mbedza imachepa. Zingwe zija zokhala ndi mbedza zambiri zimagwira nsomba ndithu, koma m'manja mwa mwana zimagwiranso malaya ndi zala. Kaminga kobwerera m'mbuyo kamene kali pa mbedza kaphwanyeni ndi pulayala, kuti ikabaya chala ituluke mosavuta, ndiponso nsomba yoti mubweze isavulale kwambiri. Nyambo yabwino ndi shrimp (tinyama ta m'madzi ta mtundu wa nkhanu) kapena squid (nyama yofewa ya m'nyanja yamchere yokhala ndi miyendo yambiri) woduladula tizidutswa tonga chikhadabo. Squid ndi wolimba, sachoka msanga tinsomba tikamajompha. Mwana akagwira mtovu kapena nyambo, asambe m'manja asanadye kanthu.

Tsitsani chingwe mpaka chikhwefuke, kusonyeza kuti mtovu wafika pansi, kenako kulungani kawiri kuti chikungike. Imani kumbuyo kwa mwana, dzanja lanu limodzi lili pa ndodo, ndipo chala chake muchiike pa chingwe. Pakapita kanthawi adzamva kugunda kwakung'ono, ngati wina akugogoda ndi chikhadabo. Mudzaona maso ake akutong'oka. Musamulande ndodo pamenepo. Muuzeni akweze pang'onopang'ono n'kuyamba kukulunga yekha, ngakhale nsombayo ipulumuke. Ikakhala yolemera, musaikweze ndi chingwe chokha, poti mlatho ndi wautali ndipo chingwe chimaduka nsomba ili m'malere. Pemphani oyandikana nawo akuthandizeni ndi kaukonde kotsitsa ndi chingwe.

Nsomba ikafika pa matabwa, woyamba kuigwira mukhale inu, m'manja mutanyowetsa. Milamba ya m'nyanja yamchere ili ndi minga yaululu pamsana ndi m'mbali, ndipo stingray, nsomba yaphwatalala ya mchira wautali, ali ndi munga woopsa kumchira. Nsomba imene imadzitukumula ngati mpira ili ndi poizoni wakupha, isadyedwe ngakhale pang'ono. Mukagwira nsomba yosaidziwa, itsitsireni m'madzi, ndipo ngati mbedza yalowa mkati dulani chingwe pafupi ndi kamwa. Munthu akabayidwa ndi munga waululu, viikani balalo m'madzi otentha koma osawotcha khungu, kenako pitani naye kuchipatala. Fufuzaninso malamulo a malowo, chifukwa m'madera ambiri pamafunika chiphaso ndipo pali msinkhu wa nsomba umene saloleza kutenga. Muyeze nsombayo mwana akuona, ndipo yaing'ono aibweze m'madzi iye mwini.

Ola limodzi ndi lokwanira. Tengani madzi akumwa ambiri, ndipo mwana akayamba kuyang'ana mbalame ndi mabwato, musamukakamize, nyamukani akadali wosangalala. Mukamva bingu chokani msanga, chifukwa mlatho uli pamtetete ndipo munthu wonyamula ndodo yaitali amakhala pangozi ya mphenzi. Tolani tizidutswa tonse ta chingwe, poti timakola miyendo ya mbalame ndi akamba a m'madzi. Mukafika kunyumba, mupatseni mwanayo beseni la madzi opanda mchere atsuke ndodo, chokulungira chingwe ndi pulayala, kenako muziumitse bwino, chifukwa mchere ukatsalira zitsulo zimachita dzimbiri m'masiku ochepa.