Kuona Lengwe ndi Majete tsiku limodzi

Ine ndimakhala ku Nchalo, ndiye alendo akandifunsa ndimawauza chimodzi: dzukani tambala woyamba. Kuno ku chigwa dzuwa likafika pamutu, makamaka mu Okutobala, nyama zimakabisala m'zitsamba, inu n'kumangoona mitengo.

Yambirani ku Lengwe, kuseri kwa minda ya nzimbe. Musamangozungulira pagalimoto ayi. Kakhaleni m'kanyumba kobisalira pafupi ndi dziwe, foni muitseke pakamwa, mudikire. Boo, nyama za mtundu wa agwape zomwe ena amati nyala, amatulukira mwakachetechete, wamphongo wakuda wa nyanga zopotoka, wamkazi wofiirira wa mizere yoyera. Mphwanga anangotsokomola kamodzi, njiri zonse zinathawa michira ili m'mwamba, tinadikiranso ola lathunthu.

Mukatero gwirani msewu wa M1 kulowera ku Chikwawa. Pa Dyeratu gulani madzi ambiri, botolo limodzi silikwana. Majete akuiyang'anira a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks kuyambira 2003, ndipo anabwezeretsamo njovu, zipembere ndi mikango. Musachokeko osaona mathithi a Kapichira, pomwe sitima ya Livingstone inalephera kupitirira mu 1859. Koma zosamba m'manja mu Shire iwalani, ng'ona zake sizicheza.

Ngati ndi dzinja, funsani kaye za msewu musananyamuke.