Matcheni a matayala akutsogolo a thirakitala, yezani kaye musanagule

Kuno ku Manitoba, m'dziko la Canada, sinowo ikayamba mu Novembala imakhala mpaka Malichi, ndiye amene tikugwira ntchito m'mafamu matcheni oveka matayala kuti asaterere timawadziwa bwino. Vuto limabwera ukamakankha sinowo ndi baketi yakutsogolo kwa thirakitala, umapinda chiwongolero koma thirakitala ikungopita molunjika chifukwa matayala akutsogolo akuterera pa ayisi. Apa mpamene munthu amafuna matcheni akutsogolo.

Koma abale, akumbuyo akhale atavala kale. Thirakitala ya 4WD, yokoka ndi matayala onse anayi, matayala akutsogolo amathamanga pang'ono kuposa akumbuyo, anazipanga dala choncho, ndiye akutsogolo okha akagwira pansi akumbuyo nkumaterera, mphamvu yonse imathera pa axle yakutsogolo, chitsulo chogwira matayala akutsogolo, yomwe ndi yaing'ono, magiya ake amatha msanga ndipo kukonzetsa kwake ndi ndalama zambiri zedi. Onaninso m'buku la thirakitala yanu ngati amalola.

Musanapite kokagula werengani manambala ali m'mbali mwa tayala, monga 7-16 kapena 9.5-24, komanso mtundu wake, R1 ya mano aatali a kumunda ija kapena R4 ya mano aafupi. Pa R1 tcheni wamba yooneka ngati makwerero imagwera pakati pa mano nkubisala, mwagula koma siikugwira ntchito. Funani yolukana ngati ukonde, imene imakhala pamwamba pa mano, makampani ngati Trygg aku Norway ndi Pewag aku Austria amapanga zoterozo. Ya timisomali imagwira bwino pa ayisi koma imakanda simenti, dziwiranitu.

Tsopano nkhani yaikulu ndi mpata. Kutsogolo kumakhala kothina, pali chitsulo chokhotetsera matayala, silinda ya chiwongolero ndi mapaipi a mafuta, zonse zili pafupi ndi tayala mkatimo. Pindani chiwongolero mpaka mapeto mbali zonse ziwiri, zimitsani injini, mugwade pansi nkulowetsa dzanja kuseri kwa tayala. Zala zitatu zikamakanika kulowa ine sindiika tcheni pamenepo. Kumbukiraninso kuti axle yakutsogolo imapendama pa mabampu, mpata mukuwuona pamalo osalala umachepa. Ine ndinaona ndi maso anga tcheni itakola paipi ya hydraulic, mafuta kumwazika pa sinowo yoyera ija, chiwongolero kuuma pompo. Mpata ukachepa ena amatembenuza malimu, ena amaika ma spacer kuti tayala lituluke kunja pang'ono.

Kuveka kwake sikovuta. Yalani tcheni pansi muongole paliponse papotana, tingowe tolumikizira tiyang'ane kunja osati ku labala, apo ayi tidya tayala. Ngati muli ndi baketi ikanikizeni pansi kutsogolo kunyamuke, koma ikani sitandi pansi pa axle, osadalira hydraulic manja anu ali mkatimo, ndipo handibuleki ikhale yokoka. Ponyani tcheni pamwamba pa tayala, lizungulitseni ndi manja mpaka nsonga zikumane. Yambani kukoleka mkati, kenako kunja, ndipo malinki otsala akhale ofanana uku ndi uku kuti tcheni ikhale pakati.

Malinki olendewera aja mangani ndi waya, makamaka a mkati, ndi amene amakwapula zinthu. Osawadula msanga, tsiku lina mudzagula tayala latsopano la mano athunthu tcheni nkukhala yaifupi. Kunja ikani malabala okokera, mkati ayi.

Mukatero yendani pang'onopang'ono mamita 50 kapena 100, imani, mupeza yakhwepa, kungani kachiwiri. Pindaninso chiwongolero mbali zonse mukumvetsera, mukamva kho kho kho imani pomwepo muone chikugunda nchiyani. Liwiro likhale lochepa, ndipo mukafika pa tala pouma chotsani 4WD. Nyengo ikatha atsukeni mchere wa mumsewu uchoke, aume, apakeni oyilo nkuwapachika pa msomali, ndipo mangani kansalu pa tcheni ya kumanzere kuti chaka chamawa musadzavutike kusiyanitsa.